Kujambula Osewera Skateboard ndi Fulashi: N'chifukwa Chiyani Thabwa Likutuluka Mwachizimezime?

Funso: Ndine wojambula zithunzi ku Lilongwe, ndipo ntchito yanga yambiri ndi ya maukwati ndi zinkhoswe. Posachedwapa anyamata ena osewera skateboard, thabwa la mawilo lija loyendapo munthu ataimirira, anandipempha kuti ndiziwajambula madzulo. Ndili ndi kamera ya DSLR ndi fulashi imodzi yaing'ono yoika pamwamba pa kamera. Ndikaiyatsa pa mphamvu yake yonse, nkhope imaoneka bwino koma thabwa ndi mapazi zimatuluka mwachizimezime, ndipo ndikakweza liwiro la shata kupitirira 1/250 ya sekondi, mbali ina ya chithunzi imada. Ndichite chiyani?

Yankho: Mavuto awiri amene mwatchulawa ali ndi gwero limodzi, ndipo mukalimvetsa simudzafulumira kugula kamera ina. Chithunzi chilichonse chojambulidwa ndi fulashi chimakhala zithunzi ziwiri zosanjikizana. Choyamba chimapangidwa ndi kuwala kumene kuli kale pamalopo, kaya ndi kwa dzuwa kapena kwa magetsi a mumsewu, ndipo chimajambulika nthawi yonse imene shata ili yotsegula. Chachiwiri chimapangidwa ndi fulashi, ndipo chimajambulika pa kanthawi kokhako kamene fulashiyo ikung'anima. Pa ukwati anthu amaima chilili akuyembekezera inu, choncho zithunzi ziwirizi zimagwera pamalo amodzi ndipo simuzindikira n'komwe kuti ndi ziwiri. Wosewera akakhala m'mwamba, zithunzizi zimapatukana, ndipo chizimezime chimene mukuchionacho ndi chithunzi choyamba chija chikusuzumira m'mphepete mwa chachiwiri. Ganizirani mphezi ikang'anima usiku wa mvula: munthu amene akuthamanga pabwalo mumamuona ngati waima, ngakhale maso anu anali otsegula nthawi yonseyo, chifukwa kuwala kunabwera kwa kanthawi kochepa pakati pa mdima. Chimene chimaimitsa wosewera pachithunzi cha fulashi si liwiro la shata, koma kufupika kwa kung'animako pamodzi ndi mdima wokwanira.

Za mbali yakuda ija, kamera yanu sinawonongeke. Shata ya kamera ya DSLR ili ndi zotchinga ziwiri, zimene ojambula amazitcha makatani, kutsogolo kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Chotchinga choyamba chimatsika n'kuvundukula sensa, kenako chachiwiri chimatsatira n'kuiphimba. Pa liwiro lotsika pamakhala kanthawi kamene sensa yonse ili pambalambanda, ndipo fulashi imang'anima pa kanthawi kameneko. Liwiro likakwera kwambiri, chotchinga chachiwiri chimanyamuka choyamba chisanafike pansi, moti pasensa pamangodutsa kampata kakang'ono, ndipo fulashi ikang'anima imaunikira kampata kokhako. Malire a liwiro limene sensa yonse imakhala yotsegula amatchedwa sync speed, ndipo pa makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250. Ikani shata pa malire amenewo ndipo musaikweze kupitirira pamenepo.

Tsopano tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake 1/250 payokha sikwanira. Wosewera amene akuyenda pa liwiro la makilomita 18 pa ola amadutsa mamita 5 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti pa 1/250 wasuntha masentimita 2. Pa chithunzi chojambulidwa pafupi, masentimita 2 ndi okwanira kufafaniza zolemba za pa nsapato ndi m'mphepete mwa mawilo. Thabwalo ndiye limachita zoposa pamenepa, chifukwa kuwonjezera pa kupita kutsogolo limazunguliranso, ndipo nsonga za thabwa lotalika pafupifupi masentimita 80 zimayenda mofulumira kuposa mutu wa mwini wake. N'chifukwa chake nkhope ikukutulukirani bwino pamene thabwa ndi mapazi zikukukanikani. Pa 1/2000 wosewera yemweyo wasuntha mamilimita awiri ndi theka basi, ndipo pa 1/4000 wasuntha theka la pamenepo. Chimene mukufuna, tsono, ndi fulashi yong'anima kwa 1/2000 ya sekondi kapena kucheperapo.

Apa m'pamene mphamvu yonse ija ikukupwetekani. Fulashi yaing'ono ya masiku ano sichepetsa mphamvu pofooketsa kuwala, koma podula kung'anima kusanathe. Pa mphamvu yonse imakhuthula magetsi onse amene inasunga, ndipo kuwalako kumakwera mwadzidzidzi kenako n'kumazima pang'onopang'ono, kukoka mchira wautali. Pa mphamvu yochepa mchira umenewu umadulidwa. Mwachitsanzo, kampani ya Nikon imati fulashi yake ya SB-910 imang'anima kwa 1/880 ya sekondi pa mphamvu yonse, 1/2550 pa mphamvu ya 1/4, 1/5000 pa 1/8, ndi 1/10000 pa 1/16. Mafulashi a makampani ena a msinkhu womwewo sasiyana kwambiri ndi manambala amenewa. Fulashi yokulirapo ya Godox AD200 imayambira pa 1/220 pa mphamvu yonse mpaka 1/13000 pa mphamvu yotsikitsitsa, ndipo mukuona nokha kuti 1/220 ndi nthawi yaitali kuposa imene shata yanu imakhala yotsegula. Munthu amene wagula fulashi yamphamvu n'kuiyatsa pa mphamvu yonse kuti aimitse thabwa wangotaya ndalama zake.

Powerenga manambala oterewa muzisamala ndi muyeso umene wagwiritsidwa ntchito. Ena amalemba t.5, imene imawerenga nthawi imene kuwala kuli pamwamba pa theka la mphamvu yake, ndipo ena amalemba t.1, imene imawerenga mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Nambala ya t.5 imaoneka yokongola papepala chifukwa imasiya mchira uja kunja, koma mchirawo umajambulikabe pachithunzi, ndipo pa mphamvu yonse t.1 imatha kutalika pafupifupi katatu kuposa t.5. Wojambula masewera azikhulupirira t.1. Dziwaninso kuti mafulashi ena akale a mu situdiyo, amene mwina mungabwereke kwa mnzanu, amachita zosemphana ndi zimenezi: mukawachepetsa mphamvu, kung'anima kwawo kumatalika.

Mufunsa kuti kuwala kumene mwataya potsitsa mphamvu kuchokera kuti. Yankho loyamba ndi mtunda, ndipo pachifukwa chimenechi fulashi iyenera kuchoka pamwamba pa kamera n'kukakhala pa sitandi yakeyake, mukuiyatsa ndi kachipangizo ka wailesi kotchedwa trigger. Kuwala kumachepa mofulumira kwambiri ndi mtunda: fulashi imene inali pa mamita 4 mukaisendeza kufika pa mamita 2, wosewera amalandira kuwala kochuluka kanayi, ndipo kumeneko ndi kutsika kuchoka pa mphamvu yonse kufika pa 1/4 popanda kutaya kanthu. Chachiwiri, chotsani ambulera ndi softbox zimene mumagwiritsa ntchito pa akwati. Zimafewetsa nkhope, inde, koma zimadya kuwala kochuluka, ndipo kuwala kolimba kwa fulashi yopanda chophimba kumagwirizana bwino ndi simenti, zitsulo ndi nsapato zoperepeseka za masewerawa. Chachitatu, panikizani kuwalako ndi zoom ya fulashi, mwina pa 50mm kapena 70mm, kuti kusamwazikire kumwamba ndi pamakoma, bola muonetsetse kuti malo onse amene wosewera adzadutse ali m'kati mwa kuwalako. Ndipo tsiku limene mudzapeze ndalama, gulani fulashi yachiwiri yaing'ono musanaganize za yaikulu, popeza mafulashi awiri pa 1/8 amapereka kuwala kofanana ndi imodzi pa 1/4 koma pa theka la nthawi.

Zonsezi sizithandiza ngati kuwala kwa pamalopo kukadali ndi mphamvu pachithunzi. Ndondomeko imene ndimalangiza ndi yakuti muyambe fulashi ili yozimitsa. Ikani kamera pa M, pamene zonse mumasintha nokha, shata pa sync speed, ndipo sinthani aperture (kukula kwa kabowo ka lenzi kolowera kuwala) ndi ISO (mmene kamera imawalitsira kuwala kumene yalandira) mpaka mnzanu amene waima pamalo odumphira azioneka ngati chithunzithunzi chakuda, pamene thambo ndi nyumba za kumbuyo zikuonekabe mwapatalipatali. Nthawi zambiri pamenepa mumakhala mwadetsa chithunzi ndi masitopu awiri kapena atatu, ndipo sitopu iliyonse ndi kudula kuwala pakati. Mukatero yatsani fulashi, nayonso pa M osati pa TTL pamene imadzisankhira yokha mphamvu, n'kukweza kapena kutsitsa mphamvu ndi mtunda mpaka munthuyo awale bwino. TTL siyenera pano chifukwa imayeza kuwala mwatsopano pa chithunzi chilichonse, ndipo malaya oyera kapena thambo lowala zimaisokoneza, moti chithunzi chimodzi chimene wosewera watera bwino chikhoza kukhala chomwecho chimene fulashi yaganiza zina. Poyambira, dzuwa litangolowa, yesani 1/250, f/8, ISO 400, fulashi pa 1/8 itaima mamita atatu kuchokera kwa wosewera, kenako muzikonza kuchokera pamenepo. Kumbukirani kuti ISO ndi aperture zimakweza kuwala konse kuwiri nthawi imodzi, kwa fulashi ndi kwa pamalopo, pamene shata imakhudza kwa pamalopo kokha, ndipo mtunda ndi mphamvu ya fulashi zimakhudza fulashi yokha.

Nthawi yokoma imeneyi, pamene thambo lili ndi mtundu koma pansi pada, ndi yaifupi kwathu kuno. Ku Lilongwe chisisira chenicheni chimangotenga mphindi 20 kapena 25 dzuwa likalowa, kusiyana ndi maiko a kumpoto kwenikweni kumene m'chilimwe chawo chimachedwa kwambiri kutha. Choncho fikani msanga, imikani masitandi, yesani zonse kukadali kowala, ndipo muwauze anyamatawo kuti atenthetse thupi nthawi isanakwane. Kuwala kukamachepa muzitsitsa shata pang'ono kapena kukweza ISO kuti thambo lisade bii, koma mukakweza ISO muzichepetsanso mphamvu ya fulashi.

Masana ndi nkhani ina. Pa dzuwa la phwee, ISO 100 ndi 1/250 zimafuna pafupifupi f/11, ndipo kuti mudetse ndi masitopu awiri muyenera kufika pa f/22. Fulashi yaing'ono pa mphamvu ya 1/4 singaunikire munthu pa f/22 pokhapokha itamuyandikira kwambiri, mpaka kulowa m'chithunzi kapena m'njira yake. Galasi lodetsa la ND silisintha kanthu pa mpikisanowu, chifukwa limachepetsa dzuwa ndi fulashi mofanana. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ojambula ambiri a magazini a skateboard ku America, m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ankakondera makamera a Hasselblad, amene shata yawo ili m'kati mwa lenzi ndipo imatseguka yonse nthawi imodzi, moti imagwirizana ndi fulashi mpaka pa 1/500. Sitopu imodzi yokhayo inali yamtengo wapatali. Kamera yakale ya Nikon D70, ya mu 2004, nayo imagwirizana ndi fulashi pa 1/500, makamera a Fujifilm X100 ali ndi shata ya m'kati mwa lenzi, ndipo Sony a9 III, imene inalengezedwa mu 2023, imawerenga sensa yonse nthawi imodzi kotero kuti malire a sync speed sakuivutanso.

Palinso HSS (high-speed sync), njira yogwiritsira ntchito fulashi shata ili pa liwiro loposa sync speed, imene mwina fulashi yanu ili nayo. Pa HSS fulashi imaphethira mofulumira kambirimbiri kuti kampata koyenda kaja kapeze kuwala kuchokera pamwamba pa sensa mpaka pansi, ndipo mbali yakuda ija imatha. Koma zindikirani kuti pamenepo fulashi yasanduka nyali yoyaka mosalekeza, sikuimitsanso kanthu, ndipo ntchito yoimitsa yabwerera kwa shata, imene iyenera kufika pa 1/2000 kapena kuposerapo. Mphamvu yambiri imatayikira pa zotchinga zija. Kwa amene ali ndi fulashi yaikulu ngati Godox AD600 njirayi imagwira ntchito masana, koma kwa inu amene muli ndi imodzi yaing'ono ndimaiona ngati yongotha mabatire. Kuli bwino mupeze malo a mthunzi wa nyumba yaitali, kapena mudikire madzulo, kapenanso masanawo muzimitse fulashi n'kujambula pa 1/2000 ndi dzuwa lokha.

Pa kaimikidwe ka mafulashi, njira yodziwika ndi yowayang'anitsa modutsana. Yoyamba imaima chakutsogolo cham'mbali, pamsinkhu wa mutu wa wosewera akakhala m'mwamba kapena kupitirira pang'ono, itayang'ana chifuwa chake. Yachiwiri imaima kumbuyo kwake mbali inayo, ndipo imajambula kamzere kowala m'mphepete mwa mapewa, miyendo ndi thabwa, kamene kamamulekanitsa ndi mdima wa kumbuyo. Pakadali pano, popeza muli ndi imodzi, dzuwa lolowa likhale fulashi yanu yachiwiri: likhale kumbuyo kwa wosewera, fulashi kutsogolo. Chenjerani chinthu chimodzi pamenepa. Wosewera akakhala pakati pa inu ndi thambo lowala, thupi lake limatchinga thambolo pamene akuyenda, ndipo pamatuluka chizimezime chakuda m'mphepete mwake ngakhale fulashi itang'anima mwachidule chotani. Mankhwala ake ndi kudetsa thambo pang'ono kapena kusuntha kuti kumbuyo kwake kukhale khoma kapena mitengo. Mthunzi wake wa pansi musauthawe, chifukwa ndi umene umauza woona chithunzi kuti munthuyu anakwera motani.

Musanaimike chilichonse funsani wosewera mwendo umene amatsogoza. Wotsogoza wamanzere amatchedwa regular, wotsogoza wamanja goofy, ndipo zimenezi ndi zimene zikuuzeni mbali imene chifuwa ndi nkhope zidzayang'ane. Chithunzi cha msana ndi matako osewera sachiwerengera. Mufunseninso ngati fulashi sikumuthobwa m'maso, makamaka pamene akutera pa masitepe kapena pa chitsulo, ndipo sitandi isaime m'njira imene thabwa lingathawire likamupulumuka. Mangirirani chikwama kapena thumba la mchenga pa miyendo ya sitandi, popeza thabwa lothawa limagwetsa sitandi mosavuta, ndipo inunso mukagona pansi ndi lenzi yoona malo aakulu kwambiri ya fisheye, monga amachitira ambiri pofuna kuti chodumphidwacho chioneke chachikulu, muzikhala wokonzeka kukoka kamera.

Pali masiku ena pamene chizimezime n'chimene mukufuna, kuti woona amve liwiro. Pamenepo tsitsani shata kufika pa 1/30 kapena 1/15, ndipo mu menyu musankhe rear curtain, imene makamera ena amailemba kuti second curtain. Mwachizolowezi fulashi imang'anima shata ikangotseguka, kotero kuti wosewera amaima poyamba ndipo mzere wa kuwala umajambulika kutsogolo kwake, ngati akubwerera chafutambuyo. Pa rear curtain fulashi imadikira mpaka shata ili pafupi kutseka, ndipo mzerewo umatsalira kumbuyo kwake monga mmene maso amayembekezera. Vuto lake ndi lakuti muyenera kudina msanga, chifukwa pa 1/15 wosewera wathu wa mamita 5 pa sekondi uja amasuntha masentimita oposa 30 fulashi isanang'anime. Mukamatsatira wosewerayo ndi kamera pamene shata ili yotsegula, magetsi a kumbuyo amasanduka mizere, ndipo usiku m'tauni zimenezi zimakongola kwambiri. Njira inanso ndi yotchedwa Multi kapena RPT, imene fulashi imang'anima kangapo pa chithunzi chimodzi, nzeru imene Harold Edgerton wa ku MIT anaitchukitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Fulashi ikamang'anima ka 10 pa sekondi, shata n'kukhala yotsegula kwa theka la sekondi, wosewera amaoneka kasanu pamalo osiyanasiyana. Imafuna mdima weniweni kumbuyo ndi kamera yokhazikika pa tripod, ndipo kunena zoona ndi yosangalatsa kuyesa kamodzikamodzi, osati ya tsiku lililonse.

Fulashi imafuna nthawi kuti idzazenso magetsi, choncho pa kudumpha kulikonse konzekerani chithunzi chimodzi. Pa 1/8 mwina ingakupatseni ziwiri kapena zitatu zotsatizana, koma musadalire zimenezo. Muimike wosewera pamalo enieni amene adzakhale m'mwamba, lunjikitsani fokasi pa iye, kenako ikani lenzi pa manual kuti kamera isasakesake mumdima. Mphindi yodina imasiyana ndi mtundu wa kaseweredwe: pa ollie, kudumpha pamodzi ndi thabwa osaligwira ndi manja, ndi pamene thabwa lafika pamwamba penipeni litagona mopingasa pansi pa mapazi, pa kickflip, kudumpha kotembenuza thabwa m'mwamba ndi phazi, ndi pamene likumaliza kutembenuka ndipo phazi lakumbuyo likuligwira, ndipo pa chitsulo ndi pamene lakhazikika bwino likutsetsereka. Magazini ngati Thrasher, imene inayamba ku San Francisco mu 1981, ndi Transworld Skateboarding, ya mu 1983 kumene J. Grant Brittain anali mmodzi wa oiyambitsa, anakhazikitsa mwambo umene osewera amautsatirabe: chithunzi chionetse pamene munthu wanyamukira, chimene akudumpha, ndi pamene atere. Mukadula masitepe n'kusiya munthu ali lende mumlengalenga, ngakhale chitawala motani, anyamatawo sachiikapo mtima. Amayembekezeranso kuti simufalitsa chithunzi cha kudumpha kumene mwini wake sanatere, ndiye muziwafunsa kaye.

Mukajambula, kulitsani chithunzi pa sikirini ya kamera n'kuyang'ana mawilo ndi zingwe za nsapato, osati nkhope. Ngati pali chithunzi chakuthwa koma pambali pake pali kamzukwa kofiirira kapena kachikasu, mtundu wa dzuwa lolowa kapena wa magetsi a mumsewu, ndiye kuti kuwala kwa pamalopo kwachuluka: tsekani aperture kapena tsitsani ISO, n'kusendeza fulashi pafupi. Ngati palibe kamzukwa koma wilo lonse lakokeka pang'ono mbali imodzi ndi mtundu woyera wa fulashi, ndiye kuti kung'anima kwatalika, ndipo mutsitse mphamvu ndi sitopu imodzi. Ngati zonse zafewa mofanana, mawilo, nkhope ndi malaya omwe, pamene pansi kutsogolo kapena kumbuyo kwake pali pakuthwa, vuto ndi fokasi, ndipo mum'pemphe wosewerayo aimenso pamalo paja kuti mulunjikitsenso.